Gulu la Banja: Ulendo wa Amayi ku Umhlanga

Lamlungu madzulo

Achimwene Akulu (Midrand): Moni nonse, akumudzi ndi akunja omwe. Malume, tikupatsani moni. Nkhani ija tinaisiyira panjira mwezi watha ndabwera nayonso. Amayi akukwanitsa zaka 70 mu Januwale akubwerayu, ndipo ine ndi alamu anu takhala tikuganiza kuti tiwatenge akaone nyanja yamchere. Achemwali a ku Durban anatchula Umhlanga. Chonde tigwirizane sabata ino, chifukwa nyumba za kumeneko zimatha msanga ikamayandikira nyengo ya tchuthi.

Make Mapasa (Blantyre): Tawerenga achimwene. Ine ndili momwemo. Koma Umhlanga yo ndi Durban yomweyo kapena ndi kwina?

Achemwali (Verulam): Ndi kumpoto kwa Durban, mtunda wosakwana makilomita 20 kuchokera pakati pa mzinda. Ndi komwe ndimagwira ntchito kuja. Ndisakubiseni, ndi malo a anthu andalama. Mahotela ndi nyumba zosanjikizana zinandanda m'mbali mwa gombe, ndipo pali kanjira ka njerwa koyenda pansi, pafupifupi makilomita atatu, kotsata nyanja. M'mawa mumadzaza anthu othamanga, nkhalamba zoyenda ndi ndodo, azimayi okankha ana m'tingolo. Alonda amakhalapo. N'chifukwa chake ndinatchula kumeneko osati pakati pa Durban. Amayi akhoza kuyenda pang'onopang'ono, akatopa n'kukhala pa benchi, popanda wowapanikiza.

Mzime (Lilongwe): Achemwali tumizani zithunzi ndikawaonetse.

Achemwali (Verulam): Ndatumiza zitatu. Chinsanja choyera chokhala ndi mutu wofiiracho ndi cha nyali yolondolera sitima usiku. Anachimanga mu 1954, n'chotalika mamita 21, ndipo mpaka lero chimayaka. Kuseri kwakeko ndi hotela ya Oyster Box, ndipo chapafupi pomwepo pali ina ya Beverly Hills yomwe Sol Kerzner anatsegula mu 1964. Chithunzi chachitatucho ndi kamlatho kolowa m'nyanja, amati Whalebone Pier. Timadontho mukuona kutaliko ndi sitima, zikudikira mpata wolowa padoko la Durban. Usiku zimayatsa magetsi, umaziwerenga uli pakhonde.

Mzime (Lilongwe): Nanga hotelayo usiku umodzi ndi zingati?

Achemwali (Verulam): Kumeneko sitikwanitsa, mzime. Ife tifune nyumba yobwereka yoti tizidziphikira tokha.

Malume (Zomba): Ana inu, ndawerenga zonse. Ndakondwa kuti mukuwaganizira mayi anu. Koma ndilankhule monga mwini mbumba. Kukhitchini kwa mlongo wanga kukudontha, ndinaona ndi maso anga mvula yathayi, anachita kutchera beseni pafupi ndi mafuwa. Feteleza simukudziwa mtengo wake chaka chino? Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chinakwera osatsikanso. Ndiye ndalama zonsezo mukazisiye kwa eni nyumba a kunja masiku ochepa okha? Nyanja tili nayo konkuno. Mangochi ndi pafupi, Salima ndi pafupi. Chinanso, Disembala ndi Januwale ndi nthawi ya khasu. Munthu wodzilimira yekha chakudya sitimuchotsa kumunda chimanga chili m'maondo.

Achimwene Akulu (Midrand): Tamva malume. Mfundo zanu ndi zomveka ndipo sitizitaya.

Achimwene ku Leeds: Malume, zikomo potikumbutsa. Za malatazo ine sindimadziwa. Mzime, bwanji sunatiuze?

Mzime (Lilongwe): Amayi anandiletsa achimwene. Anati muli ndi mavuto anu kumeneko.

Achimwene ku Leeds: Peza mmisiri akaone, undiuze ndi malata angati. Zimenezo zichitike mvula isanayambe, ulendo upite kaya usapite.

Achemwali (Verulam): Malume, ndiloleni ndinene zakukhosi. Ine ntchito yanga ndi kuyala mabedi m'nyumba zimenezi. M'mawa ndimatsegula makatani a anthu ena dzuwa likutuluka m'madzi, ndipo ndimaona agogo a eni ake atakhala pakhonde ndi kapu ya tiyi, kamdzukulu kali pamwendo. Ndimakolopa pansi uku ndikuganiza za amayi, amene anatilera ndi geni ya tomato ndi kachewere pamsewu bambo atamwalira. Ku Salima anapitako ndi amvano, ku Mangochi anapitako pa ukwati uja. Chimene sanaone ndi chimenechi. Maondo awo mukuwadziwa. Tikadikira zaka zina zisanu, ndege sadzakweranso. Ndikufuna tsiku limodzi ndidzatsegule makatani amenewo ndikutsegulira mayi anga.

Make Mapasa (Blantyre): Achemwali mwandiliza.

Alamu (Midrand): Ifenso apongozi tikufunitsitsa adzapume. Chibwerereni ine pabanja pano sindinawaonepo atangokhala osagwira kanthu.

Malume (Zomba): Ndamva. Ndigone nazo.

Lolemba m'mawa

Malume (Zomba): Mwadzuka bwanji nonse. Usiku sindinagone bwino, ndimaganiza za alamu anga, bambo anu. Ena a inu simudziwa bwino nkhaniyi. Iwo anapita ku Joni ndi Wenela, bungwe lolemba anthu a kumigodi lija, ali mnyamata, asanakwatire mlongo wanga. Malo amene mumakwerera basi ku Blantyre aja dzina lake linachokera kumeneko. Anagwira ntchito pansi pa mgodi, kugona m'komponi, tikiti ikatha n'kubwerera. Anabwerako ulendo womaliza ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu Epulo 1974, yomwe inapha anthu athu oposa 70, a Kamuzu n'kuletsa kulemba anthu a kumigodi. Ndinawafunsapo ngati anaiona nyanja ya kumeneko. Anati ayi, anangomva kwa anzawo. Anati ngakhale akanafika, magombe abwino a ku Durban anali ndi zikwangwani zoti ndi a azungu okha. Zikwangwanizo zinachoka cha mu 1989, ndipo lamulo lakelo analifafaniza mu 1990. Ndiye ndaganiza kuti ngati ana a munthu ameneyu lero angathe kubwereka nyumba pagombe lomwelo n'kugonekamo mayi awo, ine ndisakhale wotchinga. Koma mfundo zanga ndi zitatu. Malata ayambe akhomedwa. Feteleza agulidwe yense, wokulitsa ndi wobereketsa, ndi ndalama ya aganyu isiyidwe m'manja mwanga. Chachitatu, mwini wake afunsidwe. Tisamukonzere munthu wamkulu ulendo ngati katundu.

Achimwene Akulu (Midrand): Zikomo kwambiri malume. Za zikwangwanizo bambo sanatiuzepo. Zonse zitatu tavomera. Inunso tiyeni limodzi.

Malume (Zomba): Ayi, ine nditsala ndiziyang'anira kumunda ndi mbuzi. Mudzanditumizire zithunzi.

Mzime (Lilongwe): Ndiwaimbira madzulo akabwera kudimba.

Lolemba usiku

Mzime (Lilongwe): Ndalankhula nawo nthawi yaitali. Poyamba anakana, amati ndalamazo mulipirire ana sukulu. Nditawauza kuti malume avomera ndiponso kuti achemwali ndi amene akufunitsitsa, anakhala chete, kenako anati apita. Koma anenetsa kuti sachoka asanathire wobereketsa. Akuti mvula ikagwa bwino kumayambiriro a Disembala, pofika Khirisimasi akhala atapalira ndi kuthira, kubandira aganyu akhoza kuchita. Afunsanso zinthu ziwiri. Kodi madziwo ndi amcheredi moti munthu sangamwe? Ndipo kodi angathe kutungako m'botolo? Akuti anzawo a kumpingo akamva adzawatuma.

Achemwali (Verulam): Uwauze kuti ndi amchere zedi, akalawa okha. Zotungazo asadandaule, anthu ambiri kuno amatunga m'zigubu kupita nawo kwawo. Kabotolo kamodzi kotseka bwino kadzalowa m'chikwama chachikulu, osati cham'manja.

Achimwene Akulu (Midrand): Ndiye masiku akudzisankha okha. Khirisimasi yatuluka.

Achemwali (Verulam): Ndipo zatithandiza. Kuno dzinja la kwathu ndiyo nthawi yotentha ndi ya tchuthi chachikulu. Kumayambiriro a Disembala kumadzaza ana omaliza matric, mayeso otsiriza a sekondale, phokoso usiku wonse. Kuyambira pa 16 Disembala, tsiku la tchuthi lija, makampani ambiri amatseka ndipo Gauteng yonse, chigawo cha Joni chija, imatsikira kuno. Pa 26 Disembala ndi pa 1 Januwale pagombe sipaoneka mchenga, ndi anthu okhaokha. Amayi sangasangalale. Nyuwere ikadutsa anthu amayamba kubwerera, ngakhale sukulu zimatsegulidwa cha pakati pa Januwale. Lero nthawi yopuma ndafunsa nyumba ina ya zipinda zitatu pa Lagoon Drive, msewu wotsata gombe. Sabata ya Khirisimasi akuti R7,500 usiku umodzi ndipo salola masiku ochepera 7. Kuyambira pa 5 Januwale akuti R4,200, ndipo masiku anayi alola.

Make Mapasa (Blantyre): Mayo ine. Usiku umodzi?

Alamu (Midrand): Alamu, ine ndinaona pa intaneti zina zotsikirapo kumtunda, kufupi ndi mashopu akuluakulu a Gateway. Bwanji kumeneko?

Achemwali (Verulam): Zilipodi alamu, ndipo ndi zabwino. Koma kumeneko ndi pa Ridge, pamwamba pa chitunda. Nyanja umaionera patali, ndipo kuti ufike pagombe uyenera kutsika chitunda chonse ndi kudutsa msewu wa M4. Ine wamphamvu ndimafika pamwamba thukuta lili kamukamu. Amayi angafunike galimoto ulendo uliwonse, ndipo malo oimika galimoto kumunsi amavuta nyengo imeneyi. Pa Lagoon Drive ukatsika chikepe, kutuluka kageti kakumbuyo, wafika pakanjira kaja. Bola masiku anayi kumunsi kusiyana ndi sabata kumtunda.

Achimwene ku Leeds: Ndagwirizana nazo. R4,200 kanayi ndi R16,800.

Achimwene Akulu (Midrand): Ndiye kulowa pa 5, kutuluka pa 9. Koma achemwali, musatumize ndalama kwa munthu musanaione nyumbayo. Mnzanga wa kuntchito chaka chatha analipira dipoziti ataona zithunzi zokongola, atafika ndi banja lonse anapeza kuti nyumbayo ili ndi eni ake ena, foni ya munthu uja yazima.

Achemwali (Verulam): Zimenezo zimachitika chaka chilichonse. Iyi ndikailowa ndekha Lachitatu, ndipo amene amakonza m'menemo ndi mnzanga, timakwera takisi imodzi. Vuto ndi limodzi. Salola anthu oposa 8, ndipo alonda apageti amawerenga, ana omwe. Ife tilipo angati?

Alamu (Midrand): Apongozi, mzime, make mapasa ndi mapasa awo, ndiye 5. Ife awiri ndi mnyamata wathu, 8. Inuyo 9.

Achemwali (Verulam): Basi palibe vuto. Ine ndizigona kwanga ku Verulam, m'mawa ndizibwera.

Make Mapasa (Blantyre): Ayi achemwali, zimenezo ndiye ayi.

Achimwene Akulu (Midrand): Sizingatheke. Mundipatse kiyi wa kwanu, ine ndi amene ndizikagona ku Verulam. Galimoto ndili nayo, ndi mphindi zochepa. Inu mugone chipinda chimodzi ndi amayi, cha kunyanja. Ndipo mupemphe tchuthi kuntchito lero lomwe, masiku amenewo musagwire tsache la munthu.

Alamu (Midrand): Ndavomereza. Kuphika ndi kwanga ndi make mapasa.

Achemwali (Verulam): Zikomo achimwene. Ndasowa chonena.

Lachiwiri

Achimwene ku Leeds: Za mayendedwe. Amayi asakwere basi, ulendowo ndi wautali kwa munthu wa maondo otupa. Tikiti ya ndege ya amayi ndi ya mzime ndigula ine, kuchokera ku Kamuzu International Airport kukatera ku OR Tambo ku Joni, ndi maola awiri ndi theka basi. Ine kubwera sindikwanitsa, tchuthi ndinatha kale, ndiye gawo langa likhale limeneli pamodzi ndi malata. Mzime, popempha tikiti tidzanene kuti pakufunika njinga ya olumala pabwalo la ndege. OR Tambo ndi yaikulu, asakayende mtunda wonse uja.

Mzime (Lilongwe): Akakana njingayo, mukuwadziwa.

Achimwene ku Leeds: Udzawauze kuti ndi mmene amalandirira akuluakulu kumeneko, ndipo pamzere wa mapasipoti sadikira.

Make Mapasa (Blantyre): Ine ndi ana tikwera basi, ndege sindingakwanitse atatu. Ndimaganiza zonyamuka pa 2 Januwale.

Achimwene Akulu (Midrand): Ayi mlongo wanga, pa 2 ndi tsiku loipa. Nthawi imeneyo aliyense amene anapita kumudzi ku Malawi ndi ku Zimbabwe amakhala akubwerera ku ntchito, ndipo pa Beitbridge mabasi amagona pamzere. Ndi ana a zaka zisanu mungavutike. Nyamukani cha pa 27 kapena 28 Disembala, pamene anthu ambiri akadali kumudzi. Mudzadyere Nyuwere kuno. Njira mukuidziwa: Mwanza, Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge, kenako Park Station, depoti ya mabasi ku Joni. Ku Tete kumatentha koopsa, tengani madzi ambiri. Ine ndidzakudikirani pa Park Station, musadzatuluke panja ndi katundu.

Alamu (Midrand): Mutengenso zikalata za kubadwa za ana ndi kalata ya bambo awo yovomereza kuti akuyenda ndi inu, yodindidwa. Mwina sakafunsa, koma malire ndi ambiri, bola kukhala nazo.

Make Mapasa (Blantyre): Bambo a mapasa avomera kale, akuti akonza sabata yamawa. Iwo atsala, kuntchito sawalola.

Achimwene Akulu (Midrand): Aliyense aone pasipoti yake lero, tsiku lothera ndi masamba osadinda. A Malawi timalowa kuno popanda viza masiku 30. Musadzapitirire ngakhale tsiku limodzi pa tsiku limene adinda, chifukwa potuluka amakuletsa kubweranso kwa chaka kapena kuposa. Ndipo tikamayenda kuno, pasipoti izikhala pathupi.

Malume (Zomba): Ya mlongo wanga anapangitsa nthawi ya ulendo wa mpingo wa ku Chipata. Ionedwe bwino imeneyo, papita nthawi.

Mzime (Lilongwe): Ndikaiona Loweruka ndikapita ndi mmisiri.

Achimwene Akulu (Midrand): Kuchoka kuno kupita ku Durban ndi msewu wa N3, makilomita pafupifupi 570, maola 6 kapena 7 tikamapuma. Ma tollgate ndi asanu: De Hoek, Wilge, Tugela, Mooi River ndi Mariannhill. Amene mumadandaula ndi Chingeni ndi Kalinyeke mudzaona. Mafuta ndi ma tollgate ndi zanga. Tidzanyamuka 4 koloko m'mawa, kupuma pa Harrismith kuti amayi awongole miyendo, n'kutsika phiri la Van Reenen kutayera, chifukwa pamakhala nkhungu ndi malole ambiri. Galimoto imanyamula 7 ndipo tilipo 8, kuphatikizapo katundu. Mzime, iwe ndi mnyamata wathuyu mukwere basi ya usiku pa Park Station, achemwali akakulandirani ku Durban.

Mzime (Lilongwe): Palibe vuto. Tikafika ife oyamba, pomwe muzifika tidzakhala titasambira kale. Ine pa Senga Bay ndimafika kutali.

Achemwali (Verulam): Mzime, apa ndimvere bwino, ndipo nonse muwerenge. Nyanja iyi si ya ku Salima. Madzi ndi ofunda bwino nyengo imeneyi, ndiye amakopa, koma mafunde ake amagwetsa munthu wamkulu ataima m'madzi ofika m'chiuno. Choopsa kwambiri ndi mkokomo wa madzi obwerera, umene umakokera munthu kukatikati. Malo amene akuoneka odekha, opanda thovu, nthawi zambiri ndi pomwe pali mkokomowo. Ine ndinaonapo mnyamata wamphamvu akutulutsidwa atamwa madzi, anzake akulira pamchenga. Lamulo ndi limodzi: timasambira pakati pa mbendera ziwiri zofiira ndi zachikasu, pomwe pali opulumutsa anthu, ndipo akaimba wezulo timatuluka. Akaweruka madzulo, ifenso basi. Ukakokedwa usalimbane nawo, yandama, kweza dzanja, adzakutenga. Mowa pagombe ndi woletsedwa, apolisi amasecha zikwama.

Mzime (Lilongwe): Ndamva achemwali. Ndidzatsatira.

Make Mapasa (Blantyre): Mwandiopsa. Nanga ana? Nanga shaki timamva zija?

Achemwali (Verulam): Ana ali ndi malo awo. Nyanja iyi imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku. Ikaphwa, pakati pa miyala pamatsala timaiwe tosaya, muli tinsomba ndi nkhanu. Pali pena pafupi ndi kamlatho kaja pamene amati Granny's Pool, miyala inatchinga mafunde, makanda amasewera pomwepo. Amayinso akhoza kuviika miyendo pamenepo titawagwira mkono, pamiyala pamaterera. Za shaki, pali bungwe la KwaZulu-Natal Sharks Board, linayamba mu 1964 ndipo likulu lake lili ku Umhlanga komweko. Amatchera maukonde ndi mbedza kutsogolo kwa magombe osambirako, m'mawa amapita ndi maboti kukaona. Maukondewo satchinga nyanja yonse, koma ngozi zinachepa kwambiri. Masiku ena amaonetsa alendo shaki yeniyeni kulikulu kwawoko, anyamata akhoza kukaona. Chimene chimaluma ana kawirikawiri ndi tinthu tabuluu touluzika ndi mphepo, amati bluebottle. Tikaona tili mbwee pamchenga, tsiku limenelo osalowa, ndipo ana asatole.

Alamu (Midrand): Nanga zija zinkamveka kuti magombe atsekedwa chifukwa cha madzi oipa?

Achemwali (Verulam): Zinachitikadi. Madzi osefukira a mu Epulo 2022, amene anapha anthu oposa 400 kuno, anaononga mapaipi a zonyansa, ndipo kuchokera pamenepo magombe ena amatsekedwa nthawi ndi nthawi akayeza madzi. Zimavuta kwambiri mvula yamphamvu ikagwa, mtsinje wa Ohlanga ukatsitsa zinyalala. Amaika zikwangwani. Ndizitsatira masiku amenewo. Kukatsekedwa, panyumbapo pali damu losambira, ndipo ulendo suonongeka.

Lachitatu madzulo

Achemwali (Verulam): Ndailowa nyumba ija. Ili pa nsanjika yachinayi, chikepe chikuyenda. Chipinda chachikulu chayang'ana kunyanja, ukagona pabedi madzi ukuwaona. Kubafa kuli shawa yolowa osakwera, amayi savutika. Khonde lili ndi chotchinga chagalasi chofika pachifuwa, komabe mapasa asamatuluke okha, ndipo mipando isayandikire. Mapoto alipo koma ndi opyapyala, a nsima mubweretse alamu, ndi mthiko womwe. Mnzanga uja wandichenjeza za apusi. Amachokera kunkhalango ya kumapeto kwa kanjira, amakwera mpaka m'mwamba, ukasiya zenera amalowa n'kutenga nthochi ndi buledi patebulo. Osawapatsa chakudya, n'zoletsedwa. Dipoziti akufuna theka, R8,400, pofika Lachisanu. Pangano lolemba andipatsa, ndalijambula, achimwene muliwerenge.

Achimwene Akulu (Midrand): Ndaliwerenga, lili bwino. Ine ndi alamu anu tipereka R9,000 pa nyumba yonse. Dipoziti nditumiza mawa kuchokera pamenepo.

Achemwali (Verulam): Ine R4,000.

Achimwene Akulu (Midrand): Yachuluka achemwali, malipiro anu tikuwadziwa.

Achemwali (Verulam): Ndakhala ndikusunga ku stokvel, chipereganyu cha kuno, chaka chonse chifukwa cha chimenechi. Mundilole.

Achimwene ku Leeds: Yotsalayo R3,800 ndimaliza ine. Akumudzi musavutike kusaka marandi, tikudziwa mmene ndalama zakunja zikusowera. Inu gawo lanu likhale la makwacha.

Make Mapasa (Blantyre): Ndiye ine nditenga thumba limodzi la feteleza ndi chitenje chatsopano cha amayi chodzavala tsiku lawo. Ndikufuna tonse akazi tidzavale chofanana.

Mzime (Lilongwe): Ine thumba lina ndi ndalama ya aganyu. Ndidzapereka kwa malume.

Malume (Zomba): Zili bwino. Ndidzalemba zonse m'kope, aliyense adzaone mmene zayendera.

Alamu (Midrand): Za chakudya. Apongozi ufa wa m'mashopu a kuno saukonda, ulendo wina ndinawatumizira anati nsima yake siikhala m'mimba. Musavutike kunyamula, pamalire amavuta ndi zakudya. Kuno kuli a kwathu amene amagulitsa ufa woyera, mpunga wa Kilombero, usipa, nyemba ndi Nali. Ndigula zonse. Nyama ndi masamba tikagula komweko. Tikamadya panyumba ndalama sizipita zambiri, malesitilanti a pa Chartwell Drive anthu 9 sitingawakwanitse tsiku lililonse.

Achemwali (Verulam): Zoona. Koma tsiku limodzi ndikufuna alawe bunny chow, chakudya cha amwenye a ku Durban, buledi woboola pakati n'kuthiramo kale (curry) wa nyemba kapena nyama ya nkhosa. Tidzapempha wosawawa kwambiri. Ndipo ndili ndi pempho lina. Ku Oyster Box kumakhala tiyi wamasana, makeke ali ndandanda, woimba piyano ali pompo. Amafuna kusungitsa malo nthawi ikadalipo. Tonse sitingathe, koma amayi ndi munthu mmodzi akhoza kupita pa tsiku lawo lobadwa.

Achimwene ku Leeds: Sungitsani malo awiri, inu ndi amayi. Ndilipira.

Make Mapasa (Blantyre): Amayi akakaona mtengo akadzuka n'kutuluka.

Achemwali (Verulam): Ndidzalipiriratu, pepala lisadzafike patebulo.

Achimwene Akulu (Midrand): Ana tidzapita nawo ku uShaka Marine World ku Durban tsiku limodzi, akaone nsomba zikuluzikulu m'magalasi, pobwerera tidzadutsa pa bwalo la Moses Mabhida lomwe anamangira World Cup ya 2010. Koma tisadzaze masiku onse. Januwale ku Durban kumatentha kwa chinyezi, thupi limangomata. Amayi azituluka m'mawa kwambiri ndi madzulo, masana azipuma.

Malume (Zomba): Mankhwala a BP musaiwale. Atenge okwanira mwezi wonse pamodzi ndi buku la kuchipatala. Mlongo wanga akakhala pa alendo sanena kuti wadwala, muzimuyang'ana kumaso. Ndipo Lamlungu lomwe akakhale kumeneko mupite naye kutchalitchi.

Achimwene ku Leeds: Ndiwagulira inshuwalansi ya paulendo pamodzi ndi tikiti. Zipatala za kumeneko popanda imeneyo ndi zodula.

Alamu (Midrand): Lamlungu adzapemphera nafe kuno ku Midrand, kuli a kwathu ambiri, adzamva nyimbo za Chichewa. Mzime, undiuzenso saizi ya nsapato zawo. Mchenga masana umaotcha, ndipo pamiyala paja pamafunika zogwira bwino, osati patapata.

Mzime (Lilongwe): Chabwino alamu. Loweruka ndinyamuka m'mawa ndi mmisiri. Ndikajambula tsamba la pasipoti ndi kutumiza pano, ndikayeza phazi, ndikawerenga malata. Achimwene a ku Leeds, musagule tikiti mpaka nditaona tsiku lothera.

Achimwene ku Leeds: Ndidikira. Ikakhala kuti yatha kapena yatsala pang'ono, Lolemba lomwelo upite nawo akayambe za yatsopano, ndalama yake nditumiza.

Make Mapasa (Blantyre): Ndangoona athu. Yanga ili bwino mpaka 2029, za mapasa zilinso bwino. Mawa ndipita ku Wenela kukafunsa basi ya pa 27.

Achemwali (Verulam): Abwana andipatsa tchuthi kuyambira pa 5 mpaka pa 9. Achimwene, nambala ya akaunti ili patsamba lachiwiri la pangano lija. Mukatumiza mundipatse umboni ndikawaonetse Lachisanu lisanafike.

Achimwene Akulu (Midrand): Mawa 9 koloko mukhala mutaulandira.